Mpala Wonunkhira Malalanje

Senderani pafupi ana inu, ndipo amene muli kumbuyoko lekani kukankhana, malo alipo. Ine kusukulu sindinapondeko. Cholembera chili m'manja mwa mwana wanga, koma mawu ndi anga. Lero ndikufuna mumve za sopo. Mukuseka? Inenso ndikanaseka ndikanapanda kukhala m'dzenje tsiku lija.

Ndikukumbukira chinali chaka cha chilala chachikulu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Zaka zanga panthawiyo sindizidziwa bwino, koma ndinali wa msinkhu wosenza ndowa yaing'ono osatayira madzi pamsana. Tinkakhala pa kampu ya masikauti chakumbali ya Malama, nyumba zochepa zofolera ndi malata, nkhalango ya mitsanya itatizungulira. Atate anali sikauti wolondera nyama. Dzina langa ndine Mailesi, ndipo pakampupo onse ankangoti atate a Mailesi, amake Mailesi, chifukwa ndinali ndekha m'nyumbamo.

Atate anali ndi ndevu zolimba ngati waya, ndipo ntchito yawo sinkalola ndevu. Ukafika paperete uli ndi chibwano chakuda, akuluakulu ankakunyoza pamaso pa anzako. Choncho kumeta inali nkhani yaikulu kwathu. Anali ndi lezala lomangira m'kachitsulo, kagalasi kothyoka ngodya, ndi kaburashi kamene anapanga okha pomanga ndevu za mbuzi m'kansungwi. Amayi ankawaseka kuti, "Mbuzi imodzi ikumeta inzake." Iwo ankangomwetulira thovu lili kukamwa.

Sopo sankamusankha mwachisawawa. Akapeza watsopano ankayamba apukusa thovu n'kulipaka kuseri kwa dzanja, kenaka n'kumachita zina. Akalipeza likadali lonyowa ankagwedeza mutu movomera, koma likauma n'kusanduka ufa ankati ameneyo ndi wochapira masokosi. Akatero ankalipukuta n'kupitsa chala pamalopo kuti amve ngati pakuterera, poti pamene sipaterera lezala limakumba. Chomaliza ankadikira dzuwa lifike paliwombo kuti amve ngati thukuta likuwawa pachibwano.

Sopo wa kusitolo, wobiriwira wamtanda uja, ankagwa pa mayeso onsewa. Thovu lake linkatuluka lambiri koma lopanda kanthu, ndipo madzulo chibwano cha atate chinkachita tiziphuphu ngati khungu la nkhuku yososola. Amene ankapambana anali wa amayi. Iwo ankatola nthanga za msikidzi m'mbali mwa mtsinje, kuziviika, kuzisinja, kuziwiritsa mpaka mafuta atayandama, kenaka n'kusakaniza mafutawo ndi chidulo chakupsa kwambiri. Ankatakasa mpaka mkono kuuma. Sopoyo ankatuluka wofewa, wa mtundu wa dothi, wosakongola m'pang'ono pomwe. Thovu lake linali lochepa koma lolemera ngati phala, ndipo fungo lake linali la utsi ndi khungwa basi.

Za fungozi zinali ndi lamulo lake pakampu. Munthu wopita kukalondera sankadzola chilichonse chonunkhira, ngakhale fodya ankamusiya. Nyama za m'tchire maso ake ndi mphuno. Lamuloli aliyense ankalidziwa, koma tonse tinkaliyesa lamulo la amuna onyamula mfuti.

Tsiku lina m'nyengo yotentha kwambiri, nyenje zikulira mpaka kugonthetsa m'khutu, kunabwera amalume anga a Wedisoni pa njinga. Anali mlongo wawo wa amayi, ndipo ankagwira ntchito yoperekera zakudya kwa alendo pa loji ina ku Chinzombo. Anali munthu waukhondo, wa malaya oyera, wolankhula kwambiri, komanso woopa nyama kuposa mwana. Atapuma, anatulutsa m'thumba kambale kamtengo kokhala ndi chivindikiro.

"Alamu," anatero kwa atate, "lero musiya kumetera matope a mlongo wangayu."

Anati sopoyo anawasiyira mlendo wina, ndipo sanali wa kufakitale ayi, anaphikidwa pamanja ndi mayi wina wa m'tauni amene ankathiramo mafuta a makoko a malalanje. Atavundukula, khonde lonse linadzaza fungo. Ana inu, chaka chimenecho tinali titaiwala kuti padziko pali zipatso. Malovu anadzaza m'kamwa mwanga.

Amayi anati, "Achimwene, ameneyo ndi wometera kapena wodyera?"

"Nsanje, mlongo wanga. Wako uja ngakhale fisi angamulambalale."

"Ndiye ntchito yake imeneyo," anayankha amayi.

Atate sanatsutse. Anatenga galasi, napaka tsaya lamanja sopo wa amalume, lamanzere wa amayi, ife tonse titawazungulira ngati tikuonera mlandu. Thovu la amalume linakwera loyera, losalala, losauma. Lezala linadutsa mopanda phokoso. Ku tsaya la amayi linadutsanso bwino, koma tinkamva kakulira kake, khwe, khwe. Atate anasisita uku, nasisita uku.

"Amake Mailesi, musakwiye," anatero. "Pakhungu, wa alamuwu wapambana."

Amalume anavina pakhonde. Koma atate anadzuka, natapa phulusa lozizira, nadzitikita nalo kumaso, n'kusambanso ndi sopo wa amayi kawiri konse, chifukwa mawa lake ankalowa m'tchire. Anati wa malalanjeyo azimetera akakhala pa tchuthi.

Tsono ine masiku amenewo ndinali ndi zipere m'mutu. Amayi anali atapeza mankhwala, koma pankafunika kundimeta mpala kuti mankhwalawo afike pakhungu, ndipo ine ndinkathawa chifukwa lezala likadutsa pa chipere limawawa zedi. Amalume atamva anati, "Bwera kuno iwe Mailesi. Ndi sopo uyu sumva kanthu, udzangoona tsitsi lili pansi."

Amayi anayang'ana atate. Atate anati, "Mumeteni. Mwana sapita kukalondera."

Mawu amenewo muwasunge.

Amalume anandikhazika pakati pa miyendo yawo, nandipaka thovu mutu wonse mpaka m'makutu. Anali ndi dzanja lofewa, zoona sindinamve kuwawa. Atatha, madzi otsukira panalibe. Kumeta kwa atate ndi kusamba kwawo kawiri kuja kunamaliza mtsuko. Amalume anangondipukuta ndi kansalu, nati fungolo ndilisunge ndikanyadire anzanga. Ndinkadzigwira mutu n'kununkhiza zala, ndikumva ngati mwana wa bwana.

Chitsime cha pakampu chinali chitauma. Madzi tinkatunga kumtsinje wouma kumunsi kwa kampu, kumene amayi a pamenepo anakumba dzenje mumchenga. Mwa masiku onse tinkapita m'mawa, tili gulu, tikuimba ndi kumenya ndowa kuti nyama zitimve zipatuke. Koma tsikulo m'nyumba munali mlendo, madzi ophikira mulibe, choncho amayi anati tipite awiri dzuwa litangopendeka.

Dzenjelo linali lakuya moti ine ndikaima m'kati, mutu sunkaonekera kunja. Linali lopapatiza, n'chifukwa chake ankatsikamo ndife ana. Madzi ankatuluka pang'onopang'ono pansi, iwe n'kumatapa ndi chikho, kudikira, kutapanso. Ndowa yoyamba itadzaza amayi anasenza nati, "Uzidzazitsa inayo, ndikubwera pompano."

Ndinatsala ndekha. Ndinagwada n'kumayang'ana madzi akusonkhana. Kamphepo kankadutsa pamwamba pa dzenje kulowera kumunsi kwa mtsinje, kumene kunali mitengo yowirira. Sindinamve phazi ngakhale limodzi. Anthu amene sanakhaleko kuchigwa cha Luangwa amaganiza kuti njovu imabwera ndi chiphokoso. Ayi. Imabwera ngati mtambo. Chimene ndinaona ndi chakuti m'dzenje munada, ndipo mchenga unayamba kuyoyokera pamsana panga.

Ndinati ndi amayi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndowa sinadzaze. Pamenepo ndinamva kugunda kwapansipansi, konga bingu lakutali, koma kukuchokera pamwamba penipeni pa mutu wanga. Ndinatembenuza diso limodzi. Kumwamba kunalibe. Kunali chifuwa chotuwa, chamakwinya, ndi mnyanga umodzi wothyoka kunsonga.

Atate anandiphunzitsa kalekale kuti ukakumana ndi njovu pafupi usakuwe, usathamange. Koma kunena zoona si maphunzirowo amene anandikhazika chete. Thupi linangofa lokha. Chikho chinali m'dzanja, sindinathe kuchisiya kapena kuchigwira bwino. Ndinkamva mtima ukugunda m'mano.

Ndinaganiza kuti yabwerera madzi, imwa, ipita. Chitamba chinatsika pambali pa khutu langa, chinafika pa ndowa, chinanunkhiza madzi aja. Njovu ya ludzu, chaka cha chilala, inawasiya madziwo. Chitamba chinakwera n'kudzatera pa mpala wanga.

Ana inu, khungu longometedwa kumene limamva chilichonse. Ndinamva ubweya wolimba wa pachitambapo, ndinamva kunyowa kwake, ndinamva mpweya wotentha ukutuluka, kenaka ukukokedwa mwamphamvu mpaka khungu la mutu kunyamuka. Kunsonga kwa chitamba kuli tinthu tiwiri tonga zala. Tinayenda kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, tinalowa kuseri kwa khutu kumene kunatsalira thovu louma. Kenaka tinatsina. Inkafuna kunditola monga itolera chipatso pansi pa mtengo. Mutu unali woterera ndi thukuta ndi sopo uja, chitamba chinapulumuka. Inayesanso. Chinapulumukanso. Inapuma mokwiya, mchenga unandilowa m'maso, ndipo ndinadzikodzera pomwepo ndili chogwada.

Kenaka inasendera kuti ifike bwino. Phazi lake linaponda m'mphepete mwa dzenje, khoma linayamba kung'ambika. Ndinadziwa kuti ikapanda kundizula mutu, indikwirira.

Zimene zinkachitika kumtunda ndinazimva pambuyo pake kwa amayi. Iwo akufika pakhomo anapeza amalume akusimba nkhani za ku loji. Ankati kumeneko alendo amaletsedwa kusunga malalanje m'matenti, chifukwa njovu ina inang'ambapo tenti pofuna lalanje limodzi lokha. Ankasimba akuseka. Atate sanaseke. Anayang'ana kambale ka sopo kaja, nayang'ana amayi akutula ndowa okha.

"Mwana ali kuti?"

Amayi akuti sanawaonepo atate akuthamanga chomwecho. Anatenga mfuti ndi botolo lawo la madzi, nakuwira amalume kuti anyamule sopoyo. Atafika pagombe anaiona njovu itaweramira m'dzenje. Amayi anafuna kukuwa, atate anawatseka pakamwa ndi dzanja.

"Ombani, alamu, ombani!" ananong'ona amalume.

"Ndikaomba igwera pa iye."

Atate anatulutsa kathumba ka phulusa kamene masikauti amayendera nako, nakagwedeza. Phulusa linauluka kutsata mtsinje. Analoza kumtunda kwa mchenga, kumene mphepo inkachokera.

"Alamu, mupite apo. Mukathire madzi m'mbalemo, mukapukuse thovu lambiri, fungo lipose la mwanayo. Ikatembenuka muponye kutali, inu muthawire kugombe."

"Ine? Alamu, ine ntchito yanga ndi kunyamula mbale."

"Mfuti mumaidziwa?"

"Ayi."

"Ndiye nyamulani mbale."

Amayi akuti amalume anatsika gombe, malaya oyera aja akuonekera patali, akupemphera mokweza pang'ono m'Chikunda, chilankhulo chimene ankati anachiiwala chilowereni ntchito ya ku loji. Anaima pamchenga poyera, popanda ngakhale chitsamba chobisalapo, nayamba kupukusa sopo ndi zala. Thovu linasefukira m'manja mpaka m'zigongono. Atate anagwada pagombe mfuti ili paphewa.

Ine m'dzenje sindinkadziwa zonsezi. Ndinkangomva chitamba chitazinga khosi langa, chikufunafuna pogwira. Mwadzidzidzi chinaima. Chinamasuka. Chinakwera m'mwamba n'kupindika ngati njoka yomvetsera. Kuwala kunabwerera m'dzenje. Potembenuka, phazi lake lakumbuyo linagumula khoma, mchenga unandikwirira mpaka m'chiuno, ndowa ndi chikho zinapita pansi.

Ndinamva mawu a atate akukuwa, "Ponyani! Ponyani tsopano!"

Amalume anaponya. Akuti kambaleko sikanapite kutali monga anafunira, poti manja anali oterera, koma kanagubuduka pamchenga. Iwo anathamangira kugombe, nsapato imodzi n'kutsala. Njovu inafika pa kambale, inatola sopo uja n'kumuika m'kamwa. Inatafuna. Kenaka inalira kulira kumene sindidzakuiwala, kong'amba m'mimba, inapukusa mutu makutu akuwomba, thovu likutuluka kukamwa. Inaponda kambale kaja mpaka kusanduka zipalapala, inamwaza mchenga, n'kulowa m'mitsanya ikuthyola nthambi.

Atate anandifukula ndi manja. Asanandifunse ngati ndavulala, anatapa matope a pansi pa dzenje nandimata mutu wonse, natolanso ndowe za njovu zimene inasiya pomwepo n'kundipaka pamwamba pake. Ndinafika kunyumba ndili kumsana kwa amayi ngati khanda, ndipo ndinayamba kulira titalowa m'nyumba.

Amalume anakhala pakhonde ndi nsapato imodzi, akubwerezabwereza kuti, "Ndapha mwana wa mlongo wanga, ndapha mwana."

Atate anati, "Alamu, inu munabweretsa mphatso. Amene amadziwa lamulo ndine. Ndinasamba kawiri kuteteza chibwano changa, mwana wanga n'kumutumiza kumene njovu zimamwa."

Sindinawamvepo atate akulankhula motero pamaso pa anthu, ndipo zinandiopsa pafupifupi ngati chitamba chija. Mawa lake asanalowe m'tchire anazungulira nyumba zonse za pakampu kuuza amayi kuti lamulo la fungo si la onyamula mfuti okha. Wotunga madzi, wotola nkhuni, mwana wopita kusukulu wapansi, onsewo amayenda m'tchire lomwelo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti sopo wa amalume anali woipa. Pano ndikudziwa kuti sanali woipa. Pa mayeso onse a atate anapambana, ndipo mpaka lero sindinaone thovu lokongola ngati lija. Kungoti anaphikidwira munthu amene akameta amakakwera galimoto. Atate ankafunsa za thovu, za kuterera, za thukuta, ndipo kuyambira tsiku limenelo anawonjezera funso lina, limene ankaliika patsogolo pa onse: wometedwayo akadzuka apa, akupita kuti?

Tsono mufuna kudziwa kumene aliyense anathera. Njovu ya mnyanga wothyoka inaonekanso kangapo kumtsinje chaka chimenecho, mvula itagwa inawoloka Luangwa, sitinaionenso. Zipere zanga zinapola, ndipo amayi ankati chinandichiritsa ndi ndowe zija, osati mankhwala. Lalanje sindidya mpaka lero. Mwana akamasenda pafupi nane khungu la mutu limayamba kuyenda lokha.

Amayi anaphika sopo wa msikidzi mpaka mkono unakana kutakasa, ndipo mphika wawo ndi umene ndikuphikira ine. Amabwera anthu ena kudzandipempha kuti ndithiremo zonunkhira. Ndimathira, sindikana, koma ndimayamba ndafunsa kumene akupita.

Amalume anagwira ntchito ku Chinzombo mpaka kukalamba. Nkhaniyi ankaisimba kwa aliyense, ndipo chaka chilichonse njovuyo inkakula, iwo n'kumasendera pafupi nayo. Amayi ankangowafunsa kuti, "Nanga nsapato ija, achimwene, munakaitenga?"

Atate anapuma ntchito ali ndi ziwalo zonse, nakamwalira pamphasa pawo ku Mnkhanya. Litafika tsiku lometa maliro, amene anagwira lezala anali amalume, tsitsi lawo litayera. Ndinakhala pansi pakati pa miyendo yawo monga tsiku lija, ndili mayi wa ana anga. Wina anawapatsira sopo wa kusitolo wokutidwa m'pepala lokongola. Anamununkhiza, namubweza. Anaitanitsa wa msikidzi, namununkhizanso nthawi yaitali, ngakhale ankamudziwa bwino. Kenaka anaweramira kukhutu kwanga.

"Iwe Mailesi," anatero, "ukadzuka apa, ukupita kuti?"